Ndewu n'zopeka, koma mafupa ndi enieni: masiku amanyazi a wrestling

Pa 18 Ogasiti 1993, mumzinda wa Daytona Beach ku Florida, kampani ya masewera a wrestling ya WCW inalonjeza owonera kuti ikubweretsa chimunthu choti aliyense akachiona agwidwe nthumanzi. Pulogalamuyo inkaulutsidwa pompopompo. Sting, mmodzi mwa madolo a kampaniyo, anatchula dzina la mnzake watsopanoyo: Shockmaster. Moto unalilima, khoma linabooka, ndipo chibambo chonenepa chinatulukira pabowopo n'kupunthwa pa thabwa lomwe linali m'munsi mwa khomalo. Chinagwa chafufumimba. Chipewa chomwe chinabisa mutu wonse, cha asilikali a mufilimu ya Star Wars chimene anangochipaka zonyezimira, chinavuka n'kugubuduzika, mutu wa Fred Ottman n'kukhala pamtunda. Ameneyu anthu ankamudziwa kale ndi mayina a Tugboat komanso Typhoon. Anatola chipewa chake, kuvala, kudzuka, n'kuyamba kuloza anthu chala moopseza, pomwe mawu ankachokera kwa Ole Anderson amene anabisala kuseri ndi maikolofoni. Anzake amene anali pasitejipo ankamveka akulimbana ndi phwete.

Okonda wrestling akayamba kukambirana za nthawi zochititsa manyazi, nkhani imayambira pamenepa. Kenako wina amakumbutsa za dzira. Mu 1990, kampani ina ya wrestling, WWF, inakhala milungu ingapo ikuonetsa chidzira chachikulu n'kumauza anthu kuti chidzaswa pa chionetsero cha Survivor Series, mumzinda wa Hartford, pa 22 Novembala. Anthu ankayembekezera kuti mutuluka katswiri watsopano. Munatuluka munthu wovala ngati nkhukundembo, dzina lake Gobbledy Gooker, n'kuyamba kuvina ndi muulutsi Gene Okerlund, holo yonse ikukuwiza. Mkati mwa nthengazo munali Héctor Guerrero, wosewera waluso wa m'banja lotchuka pa masewerawa. Usiku womwewo ndi umene Undertaker anaonekera koyamba.

Zoterezi n'zoseketsa, ndipo kuziseka si kulakwa. Koma ine sindivomereza kuti amenewa ndiwo manyazi enieni a wrestling. Ottman anapunthwa, sanapweteke munthu, ndipo masiku ano iye mwini amaseka nawo. Manyazi osafufutika ndi amene anabwera ndi anthu amphamvu, eni makampani ndi olemba masewero, pamene anayamba kuona owonera ngati zitsiru ndi thupi la wosewera ngati katundu wotchipa.

Kuti zimenezi zimveke, tiyambe tathetsa mkangano umene umabuka paliponse pamene anthu akuonera John Cena kapena Roman Reigns, kaya ndi m'nyumba yoonetsa mavidiyo ku Ndirande kaya pabalaza ku Johannesburg: kodi n'zenizeni kapena n'zabodza? Wopambana amadziwika ndewu isanayambe. Chidani chimachita kulembedwa. Mbali imeneyo ndi zisudzo. Koma munthu wolemera makilogalamu 120 akakunyamula n'kukumenyetsa pansi, pansipo ndi matabwa oyalidwa pa zitsulo, okutidwa ndi kasiponji kopyapyala, ndipo msana umene ukufikira pamenepo ndi wako. Luso lonse lagona pa kuchititsa kuti zioneke zopweteka kwambiri koma zipweteke pang'ono. Ndiye awiri amene mumawaona akumenyanawo amakhala akuthandizana, aliyense ataika khosi lake m'manja mwa mnzake. Woyimbira naye ndi wa m'gulu lomwelo, ndipo ndi amene amanong'oneza mauthenga ochokera kuseri. Masewerawa aima pa kukhulupirirana. Wosewera amakhulupirira mnzake ndi bwana wake kuti abwerera kunyumba ali bwino, ndipo owonera amakhulupirira kuti akaika mtima pa nkhaniyo, sabwezedwa chipongwe.

Kwa zaka zambiri chinsinsichi ankachisunga molimba. Eni ake amachitcha kayfabe: oipa ndi abwino sankakwera galimoto imodzi, sankadyera pamodzi pagulu. Mu Disembala 1984, mtolankhani wa ABC John Stossel anauza David Schultz ku Madison Square Garden kuti akuona ngati zonsezi n'zabodza. Schultz anamuwomba mbama ziwiri za m'makutu zomwe zinamugwetsa pansi, kamera ikujambula. Mu Meyi 1987 apolisi a ku New Jersey anaimitsa galimoto n'kupezamo Jim Duggan, ngwazi yokonda America, atakhala ndi Iron Sheik wa ku Iran, yemwe pakanema anali mdani wake, ali ndi chamba ndi mankhwala ena ozunguza bongo. Manyuzipepala analemba, ndipo ana ambiri anadziwira pomwepo kuti adani aja ndi apaulendo umodzi.

Amene anadzaulula poyera anali mwini kampani. Mu 1989 WWF ya Vince McMahon inauza aphungu a nyumba ya malamulo ya New Jersey kuti wrestling ndi zosangalatsa chabe, si mpikisano weniweni. Cholinga chinali kuchoka m'manja mwa bungwe la boma loyang'anira masewera ngati nkhonya, lomwe linkatolera ndalama ndi kulamula kuti osewera aziyezedwa ndi madokotala. Zambiri zimene zikubwera kutsogoloku mizu yake ili pamenepa. Atangoti ndi zisudzo, maboma a zigawo zambiri za America anayamba kuchotsapo diso, koma kumenyetsana pansi kunapitirira monga kale.

Pa nkhani yonyoza owonera, palibe amene anafika pa WCW. Kampaniyi inali ya Ted Turner, amene anayambitsa CNN, ndipo pakati pa 1996 ndi 1998 pulogalamu yake ya Nitro inaposa Raw ya WWF kwa milungu 83 yotsatizana. Inali ndi Hulk Hogan atasanduka woipa m'gulu la nWo. Inalinso ndi Goldberg, amene anthu ankamufera chifukwa sankagonja. Kampaniyo inkati wapambana ndewu 173 osagwa n'kamodzi komwe. Mu Disembala 1998 Kevin Nash anamulanda lamba, mnzake Scott Hall atamugwiritsa Goldberg ndodo yamagetsi.

Pa 4 Januwale 1999, anthu pafupifupi 40,000 anakhamukira ku Georgia Dome mumzinda wa Atlanta, kwawo kwa kampaniyo, atalonjezedwa kuti Goldberg abweza. M'malo mwake sewero linati Goldberg watengedwa ndi apolisi, ndipo malo ake analowa Hogan. Belu litalira, awiriwo anazungulirana, Hogan n'kumukhudza Nash ndi chala chimodzi pachifuwa. Nash, chimphona chotalika kuposa mamita awiri, anadzigwetsa chagada, Hogan n'kumupanikiza, woyimbira n'kuwerenga katatu. Lamba wamkulu wa kampani anasintha mwini ndi chala. Anthu amene anatulutsa ndalama zawo kugula matikiti anangoona amuna awiriwo akusekerera pabwalo ndi anzawo.

Usiku womwewo kunachitikanso china. Raw inali itajambulidwa kale masiku angapo m'mbuyo, ndipo bwana wa WCW Eric Bischoff anauza muulutsi Tony Schiavone kuti aulule zotsatira zake, zoti Mick Foley atenga lamba wa WWF. Schiavone anawonjezapo mawu onyoza, osonyeza kuti munthu ngati Foley sangakope anthu. Malipoti amati makomo pafupifupi 600,000 anasintha tchanelo nthawi yomweyo kukaonera Foley. Akuluakulu a WCW sanamvetse chomwe anthu ankamukondera. Miyezi 6 m'mbuyomo, ku Pittsburgh, Foley anali ataponyedwa kuchokera pamwamba pa khola lachitsulo n'kudzukanso kudzamaliza ndewu, dzino lili m'mphuno. Owonera ankafuna kumuona akulandira mphoto ya zonsezo.

Mu Epulo 2000 WCW inapereka lamba yemweyo, amene Ric Flair anavala kwa zaka, kwa David Arquette, katswiri wa mafilimu, pofuna kutsatsa filimu. Arquette, yemwe ankakonda wrestling kuyambira ali mwana, sanagwirizane nazo poyamba, ndipo ndalama zimene analandira anazipereka kwa mabanja a osewera omwalira ndi kwa wina amene analumala pabwalo. Patapita miyezi isanu, mlembi wamkulu Vince Russo anadzilembera yekha kuti atenge lambayo. Chaka chimenecho kampani inaluza madola oposa 60 miliyoni. Mu Malichi 2001 McMahon anaigula pa mtengo wosafika madola 5 miliyoni, ndipo osewera ambiri anasowa kolowera chifukwa msika waukulu unatsala umodzi.

Kulimbana kwa makampani awiriwa n'kumene kunabala chinyengo cha ku Montreal. Bret Hart, wa ku Calgary m'dziko la Canada, anali atagwira ntchito ku WWF kuyambira 1984, ndipo mu 1996 anakana ndalama zambiri za WCW n'kusaina mgwirizano wa zaka 20 ndi McMahon. Patangotha chaka, McMahon anamuuza kuti kampani singakwanitse kumulipira, kuli bwino apite ku WCW konko. Vuto linali lakuti Hart anali ndi lamba. McMahon sanaiwale za mu Disembala 1995, pamene Alundra Blayze anachoka ndi lamba wa amayi wa WWF n'kukamuponya m'bini pa Nitro anthu akuona. Ankafuna kuti Hart asiye lamba kwa Shawn Michaels pa Survivor Series. Koma Hart ndi Michaels ankadana zenizeni, moti anagwiranapo m'khosi kuseri, ndipo Hart anati sangagonje kwa Michaels pamaso pa anthu akwawo. Mgwirizano wake unkamupatsa mphamvu yovomera kapena kukana zolembedwa m'masiku 30 omaliza. Anapangana kuti ndewu ithere m'chisokonezo, za lamba aone pambuyo.

Pa 9 Novembala 1997, ku Molson Centre mumzinda wa Montreal ku Canada, Michaels anamupinda Hart miyendo ndi kagwiridwe kotchedwa Sharpshooter, komwe kanali ka Hart yemweyo. Malinga ndi pangano, Hart anayenera kutembenuza. Asanatero, woyimbira Earl Hebner, amene Hart akuti anamulumbirira pa ana ake kuti sangamupereke, analamula kuti belu lilire ngati Hart wavomera kugonja, McMahon ali pambali pa bwalo akukuwa kuti aliyimbe. Hebner analiyatsa liwiro kutuluka m'holomo. Hart analavulira McMahon kumaso, anaphwanya zipangizo za kanema, analemba zilembo za WCW m'malere ndi chala, ndipo m'chipinda chosinthira zovala anamupatsa bwana wakeyo chibakera chomwe chinamugwetsa.

Mpaka lero anthu amatsutsana kuti wolakwa ndani. Ena amati mwambo wa ntchitoyi ndi wakuti wochoka amagonja n'kusiyira otsala, ndipo mfundo yawo ili ndi mutu. Koma sifafaniza chinthu chimodzi: Hart anadzigoneka yekha pansi n'kulola kuti amupinde chifukwa panali pangano. Ntchito yomwe munthu amapereka thupi lake kwa mnzake singayende ngati bwana ndi woyimbira angamutembenukire ali pansi. Chowawa china n'chakuti chinyengocho chinabweretsa phindu. McMahon anatenga chidani chimene anthu anamusungira n'kuchilowetsa m'sewero, nakhala bwana wankhanza wolimbana ndi Steve Austin, ndipo nkhani imeneyo ndi imene inadzutsa WWF.

Mng'ono wake wa Bret, Owen, mzime mwa ana 12 a Stu Hart, anatsala ku WWF chifukwa kampani sinamumasule. Anali mmodzi mwa aluso kwambiri a m'badwo wake, bambo wa ana awiri amene ankasunga ndalama kuti apume msanga akakhale ndi banja lake. Anamubwezera chovala chake chakale cha Blue Blazer, ngwazi yoseketsa ya chigoba kumaso ndi chinsalu kumsana. Pa 23 Meyi 1999, pa chionetsero cha Over the Edge ku Kemper Arena mumzinda wa Kansas City, anakonza zoti atsike kuchokera kudenga pa chingwe. Nthabwala yake inali yoti akafika pafupi ndi pansi adzimasule n'kugwa kuti anthu aseke. Kuti amasuke msanga, anamukolekera pa kachitsulo kamodzi kotseguka ndi kukoka pang'ono chabe, komwe anakapangira zingwe za mabwato, osati kunyamula munthu. Kachitsuloko kanatseguka ali m'mwamba. Anagwa mamita pafupifupi 24 n'kumenyetsa chifuwa pa chingwe cha bwalo. Anali ndi zaka 34.

Owonera pakanema sanaone kugwako chifukwa panthawiyo ankawaonetsa zojambulidwa kale. Chimene anaona ndi kamera ikuloza anthu m'mipando, muulutsi Jim Ross akubwerezabwereza kuti izi si mbali ya sewero. Taganizirani kulemera kwa mawu amenewo. Masewerawa anali atazolowetsa anthu ma ambulansi abodza ndi kukomoka kwabodza, mpaka panafunika kuwachonderera kuti akhulupirire ngozi yeniyeni. Ena m'holomo poyamba ankaganiza kuti chagwa ndi chidole.

Owen atamunyamula, chionetsero chinapitirira. Ndewu yotsatira inali ya Jeff Jarrett, mnzake amene ankamenya naye mbali imodzi, ndipo anamuimika pa kamera kuti alankhule akulephera kudzigwira. Patapita kanthawi Ross anauza owonera pakanema kuti Owen Hart wamwalira. Anthu a m'holomo sanauzidwe. Anapitiriza kuchemerera mpaka ndewu yomaliza, ya Undertaker ndi Austin, pa bwalo lomwelo. McMahon wakhala akuikira kumbuyo chiganizo chimenechi. Ine sindipeza poyambira kuchimvetsa. Kumudzi zovuta zikagwa, ngakhale amene anali kumunda amatula khasu. Apa munthu wafera pantchito, pamalo pomwe panayenera kutsekedwa kuti afufuze, ndipo anzake akutumidwa kukagwetsana pomwe wagwera iyeyo.

Mkazi wake Martha anasumira kampaniyo, ndipo mu Novembala 2000 inavomera kulipira madola 18 miliyoni. Ndi zina mwa ndalamazo anayambitsa Owen Hart Foundation, yothandiza anthu pa maphunziro ndi nyumba. Wakana mpaka pano kuti WWE, monga kampaniyo imatchedwira kuyambira 2002, ilowetse dzina la mwamuna wake m'gulu la akatswiri olemekezeka, ndipo mu 2021 analola kampani ina, AEW, kuti ndiyo izichita mpikisano womukumbukira.

Pali manyazi ena amene ife a ku Africa amatilasa mwapadera. Kamala, amene ankamutcha chimphona cha ku Uganda, ankabwera wopanda nsapato, atapakidwa utoto kumaso ndi pamimba, akudziwomba mimbayo, kumbuyo kuli womuweta wovala chigoba. Ankati amadya anthu, salankhula, ndipo sadziwa n'komwe kuti mdani amamugoneka chagada pomupanikiza. Munthuyo anali James Harris wa ku Mississippi, ndipo Kamala anamupekera ku Memphis mu 1982. Mu 1988 WWF inatenga mzungu wotchedwa One Man Gang, kumuveka malaya a dashiki, n'kumutcha Akeem wochokera mkatikati mwa Africa wamdima. Mu 1990 Tony Atlas anamubweretsa ndi mkondo, chishango ndi nthenga kumutu, dzina Saba Simba. Atlas yemweyu, pamodzi ndi Rocky Johnson, bambo ake a The Rock, ndiwo anali gulu loyamba la akuda okhaokha kutenga malamba a awiriawiri a WWF mu 1983. Amuna amenewa sindiwaimba mlandu. Atlas ananenapo kuti ntchitoyo inamupeza alibe pogona. Harris anathera pa njinga ya olumala, madokotala atamudula miyendo yonse iwiri chifukwa cha shuga, m'thumba muli mbee, ndipo anamwalira mu 2020. Mlandu ndi wa amene anaona kuti munthu wa ku Africa amadzaza holo akamuonetsa ngati chilombo.

N'chifukwa chake tsiku la 7 Epulo 2019 linali lalikulu. Kofi Kingston, wobadwira ku Ghana, amene m'zaka zake zoyambirira ankamulengeza ngati wa ku Jamaica, anagonjetsa Daniel Bryan pa WrestleMania, chionetsero chachikulu cha pachaka cha kampaniyo, n'kukhala munthu woyamba wobadwira ku Africa kutenga lamba wa WWE, atadikira zaka 11. Pa 4 Okutobala chaka chomwecho anamulanditsa lambayo kwa Brock Lesnar m'masekondi osakwana 10, ndipo mwayi wobwereza ndi Lesnar sanamupatse.

Chachikulu kuposa zonsezi sichinachitike usiku umodzi. Brian Pillman anafa ali ndi zaka 35, Rick Rude 40, Davey Boy Smith 39, Curt Hennig 44, Eddie Guerrero 38, Umaga 36. Ambiri unali mtima kapena mankhwala, ndipo gwero lake silovuta kuliona. Wrestling ilibe nyengo yopuma ngati mpira. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 osewera ankakhala pamsewu pafupifupi chaka chonse. Wosamenya ankalandira zochepa, ndipo wokhala kunyumba kuti achire ankapeza malo ake atatenga wina. Ndiye munthu ankamwa mankhwala opha ululu kuti akwere bwalo, ena kuti agone, ena kuti adzuke, n'kuwonjezapo ma steroid kuti thupi likule mmene mabwana ankafunira. Mu 1991 khoti linapeza dokotala George Zahorian wolakwa pa mlandu wogulitsa ma steroid, ndipo ena mwa ogula anali osewera a WWF. Boma la America linazenganso McMahon mlandu mu 1994. Anapezeka wosalakwa, koma Hogan, amene ankalangiza ana kuti azipemphera ndi kumwa mavitamini, anavomera m'khotimo kuti anagwiritsa ntchito mankhwalawo kwa zaka zambiri.

Pamene pamandiwawa kwambiri ndi mmene kampani inkachitira ndi maliro amenewa. Pillman anapezeka atafa m'chipinda cha hotelo pa 5 Okutobala 1997. Mawa lake usiku McMahon anaika namfedwa, mkazi wa malemuyo, pakanema pompopompo n'kumamufunsa kuti alera bwanji ana yekha, kamera ili pankhope. Eddie Guerrero, mng'ono wake wa Héctor uja, anafa mu Novembala 2005. Miyezi itatu isanakwane, olemba anapatsa Randy Orton mawu oti anene pagulu kuti malemuyo ali kumoto, pofuna kutenthetsa ndewu.

Mu Juni 2007 Chris Benoit anapha mkazi wake Nancy ndi mwana wawo wa zaka 7 kunyumba kwawo ku Georgia, kenako n'kudzipha. Lolemba pa 25 Juni, mitembo itangopezeka, WWE inaulutsa maola atatu omutamanda, osadikira kuti apolisi anene zomwe apeza. Pulogalamuyo isanathe, zinayamba kumveka kuti wakupha anali iye yemweyo. Usiku umenewo poyamba anaukonza kuti ukhale wa maliro abodza a McMahon, amene milungu iwiri m'mbuyomo sewero linamuonetsa akuphulika m'galimoto. Madokotala amene anayeza ubongo wa Benoit anapeza kuti unawonongeka kwambiri ndi matenda a CTE, obwera chifukwa chomenyedwa m'mutu mobwerezabwereza. Mmodzi mwa iwo, Julian Bailes, anauyerekeza ndi ubongo wa nkhalamba ya zaka 85 yodwala Alzheimer's, pamene mwini wake anali ndi zaka 40. Zimenezi sizimuchotsera mlandu. Amene anaphedwa ndi mayi ndi mwana, ndipo ndi amene ayenera kukumbukiridwa poyamba. Koma zinakakamiza anthu kuyang'ananso mipando yachitsulo yomwe osewera ankamenyedwa nayo pamutu osatchinga ndi manja, holo ikuwomba m'manja.

Zina zinasintha. Ndondomeko yatsopano yoyeza mankhwala inayamba mu Febuluwale 2006, Guerrero atangoikidwa kumene. Kumenya mpando pamutu kunaletsedwa mu 2010. Lero wosewera akavulala m'mutu amaimitsidwa mpaka madokotala amulole. Chris Nowinski, amene anasiya wrestling chifukwa cha kuvulala kotereku, ndi mmodzi mwa otsogolera ntchito yofufuza za CTE.

Za amayi nazo zili ndi mbiri yake. Mu 2001 McMahon anachita sewero lomwe analamula Trish Stratus kukwawa, kuuwa ngati galu ndi kuvula pamaso pa anthu. Mu 2022 nyuzipepala ya Wall Street Journal inalemba kuti pa zaka 16 anavomera kulipira amayi anayi madola oposa 12 miliyoni kuti asaulule nkhani za zibwenzi ndi zankhanza zomwe ankamunenera. Anapuma pantchito, anabwerera mu 2023, ndipo mu Januwale 2024 anatula pansi udindo mayi wina amene anagwirapo ntchito pakampanipo atamusumira pa milandu ya nkhanza zogonana. McMahon amakana milanduyo.

Chimene sichinasinthe ndi kalembedwe ka ntchito. Osewera a WWE salembedwa ngati antchito a kampani koma ngati odziimira paokha, aganyu, ngakhale kuti kampaniyo ndi imene imawauza kokamenya, chonena ndi tsiku logonja, ndipo saloledwa kukamenya kwina popanda chilolezo. Ambiri ngakhale dzina limene atchuka nalo si lawo, akachoka limatsala. Kampani imalipira chithandizo cha kuvulala kwa pabwalo, koma inshuwalansi ya umoyo amadzigulira okha, ndipo penshoni palibe. Mu 1986, WrestleMania yachiwiri itayandikira, Jesse Ventura anaima m'chipinda chosinthira zovala n'kuuza anzake kuti ayambitse bungwe la ogwira ntchito. Nkhani inakafika kwa bwana mwamsanga, ndipo Ventura wakhala akunena kuti patapita zaka anadzamva pa mlandu wina kukhoti kuti amene anakanena anali Hogan. Ventura anadzakhala bwanamkubwa wa Minnesota mu 1999. Kampani yomwe anachokako inaphatikizana ndi UFC, kampani ya ndewu zenizeni, mu 2023 kupanga kampani yatsopano ya TKO, ndipo mu Januwale 2025 Raw inasamukira ku Netflix pa mgwirizano wa madola 5 biliyoni wa zaka 10. Bungwe la osewera lija silinayambebe.